Chule Anatsala pa Kapoka

Uthenga unandipeza ndili chowerama, ndikupalira nyemba m'mizere ya khofi. Linali Lachitatu, mvula itangokata, nkhungu ikadali chigonere pa mapiri athu a Misuku. Ndinangomva Ambokile, mwana wanga wotsiriza, bambo wandevu wa ana atatu, akutsetsereka kuchokera pa chulu chimene timakwera tikafuna kuti foni igwire.

"Amama! Amama, tayani khasu! Tupokiwe wachira! Ndi wamkazi!"

Khasu ndinataya, duku ndinataya, ukalamba ndinataya. Nthungululu ndinaimba mpaka agalu a kutsidya kwa dambo anandiyankha. Ndinavina ine, mwe, ndinavina! Nyemba zomwe ndimapalirazo ndinazipondaponda, ndipo mpaka lero sindinazipepese.

Tupokiwe ndi mdzukulu wanga, koma ndikanena kuti mdzukulu mawuwo amachepa. Mayi ake, mwana wanga woyamba, anatisiya iye akukwawa. Phala lake ndinaphika ndine, malungo ake ndinachezera ndine, kusukulu ndinamuperekeza ndine. Kenako kunabwera Chawanangwa wa ku Nthalire, mwamuna waulemu wake, anamutenga. Zaka zinayi zinatha maso anga osamuona. Amati Nthalire ndi boma lomweli la Chitipa. Boma lomweli! Kwa ife a ku Misuku bola Tanzania, pakuti iyo timaiona tikangoima pakhomo.

"Wanenanso chiyani?" ndinafunsa, mpweya utandithera.

"Akuti mwana anabadwa Lolemba, foni ndiyo imakana. Akuti, auzeni agogo afike mchombo usanagwe. Ndikufuna manja awo ndiwo atulutse mwanayu m'chikuta."

Apo kuvina kunatha, ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Amayi anzanga mukudziwa. Mwana akabadwa amabindikira m'nyumba ndi mayi ake mpaka mchombo uume, ugwe. Tsiku limenelo mayi wamkulu amamusambitsa, n'kumutulutsa panja kuti dzuwa limuone ndi anthu amuone. Ntchito imeneyo inali ya mayi ake a Tupokiwe, koma iwo ali kumanda. Ndikapanda kufika ine, ndiye kuti kuchikazi kulibe munthu, mwana wanga adzaima yekha pakati pa eni mudzi. Apongozi ake, a NyaKawonga, ndinawaona kamodzi kokha paukwati: mayi wamtali, wosaseka wamba. Mdzukulu woyamba ndi wawonso. Angadikire nkhalamba ya kuphiri chifukwa chiyani? Ndipo mchombo sudikira munthu. Sabata ikakwana, uli pansi.

Koma ndipite bwanji? Mvula inali itadya msewu, malole osakwera kwathu. Njinga yamoto ya matayala awiri ndinalumbira kuti sindidzakweranso chigwereni chija ndinapweteka chiuno.

"Amama, Chule alipo," anatero Ambokile.

Chule ndi njinga yamoto ya matayala anayi, ena amati kwadi. Ambokile anaigula kutsidya kwa Songwe chaka chimene khofi anabereka bwino. Matayala ake ndi onenepa ngati maungu, ndipo m'matope simira, imalumpha, n'chifukwa chake tinaitcha Chule. Imatsitsa khofi kuchokera m'minda, imakweza feteleza, imanyamula nthochi, yatengapo amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala. Zaka zonsezi palibe anatifunsapo pepala. Kwa ife inali ngati khasu, inali ngati ngolo. Khasu umalifunsa pepala?

"Tikanyamuka m'mamawa, dzuwa lisanalowe mukhala mutanyamula chidzukulu," anatero.

Ndinalongedza beseni latsopano, sopo, ufa wa mawere wophikira mayi phala, nyemba, ndi tambala wofiira yemwe ndimasungira Khirisimasi. Ambokile anamangirira thabwa kumbuyo ndi mphira, anayalapo bulangete kuti ukhale mpando wanga. Lachinayi m'mawa tinanyamuka, iye chipewa cha ubweya kumutu, ine duku latsopano.

Titsike, titsike, tizungulire, titsikenso. Amayi a m'minda ankakuwa, "Nakwese, ulendo wa kuti?" Ine, "Kukaona chidzukulu!" Lole ina tinaipeza itagona chammbali m'matope, amuna akukumba. Chule anangodutsa m'mphepete, phuu phuu phuu, Ambokile n'kuwakwezera dzanja ngati nduna. Ine ndimaimba nyimbo zonse zomwe ndimadziwa, zikatha n'kuyambiranso. Njira yonse ndimangoona nkhope ya Tupokiwe. Kodi wanenepa? Kodi chipsera cha pachibwano chikadalipo?

Dzuwa lisanafike pamutu tinaona phula likunyezimira. Pa Kapoka pamenepo, pomwe msewu wathu wafumbi umakumana ndi msewu waukulu. Panali migolo iwiri, mtengo wopingasa, ndi apolisi awiri a pamsewu, wamwamuna ndi wamkazi. Wamwamunayo anakweza dzanja.

"Monire amama," anatero, koma lilime linamuulula kuti ndi wa kummwera. "Achimwene, tazimitsani. Laisensi."

Ambokile anamasula jumbo yake monyadira, anatulutsa pepala la kasitomu.

"Ili likunena kuti chinthuchi chinalowa bwino m'dziko. Zikomo. Ine ndafunsa laisensi."

Anatulutsa chitupa cha unzika. Anatulutsa khadi la kalabu ya alimi a khofi. Ine poona kuti mapepala akuchepa, ndinamasula mfundo ya chitenje, ndinaperekanso buku langa la kuchipatala. Wapolisiyo analandira ndi manja awiri, anatsegula, anawerenga.

"Agogo, magazi anu amathamanga. Mankhwala mukumwa?"

"Ndikumwa, mwana wanga. Tsopano tipite?"

Anapukusa mutu. Anazungulira Chule, anawerama kutsogolo, anawerama kumbuyo. Nambala palibe. Inshuwalansi palibe. Chipewa cholimba chotchinga mutu palibe. Laisensi ya woyendetsa palibe. Anagogoda thabwa langa ndi chala.

"Nanga ichi? Mwanyamula mayi anu pa shelefu?"

"Bwana, ichi si galimoto," anatero Ambokile. "Ndi chipangizo cha kumunda. Ngolo ya ng'ombe mumaifunsa laisensi?"

"Ngolo simamwa petulo."

"Chigayo chimamwa dizilo. Chili ndi nambala?"

"Chigayo chikadzayamba kuthamanga pamsewu, tidzachiimitsa."

Amayi ogulitsa tomato anaseka, ine ndemwe ndinaseka, pakuti ndimayesa ndi macheza chabe. Koma wapolisi uja anafotokoza mofatsa. M'munda mwanu, anatero, yendetsani mpaka petulo athe, palibe angakufunseni. Koma mukangolowa mumsewu wa anthu onse, chilichonse chokhala ndi injini chimafunika kulembetsedwa, chikhale ndi nambala, chikhale ndi inshuwalansi, ndipo wochiyendetsa akhale atayesedwa.

"Ndiye tingochoka pa phula lanuli," anatero Ambokile. "Tidutsa yafumbi."

"Wafumbi mwatsika nawowo ndi wa bomanso. Paliponse podutsa ambulasi ndi ana a sukulu ndi msewu wa anthu onse. Mwakhala mukulakwa kuchokera pakhomo panu, kungoti sitinakumane."

Kenako apolisi awiriwo anayamba kutsutsana okha. Wamkazi amati laisensi yake ndi ya njinga yamoto, taonani chogwirira. Wamwamuna amati matayala anayi ndi galimoto basi. Ambokile anaona kampata.

"Ngati inu eni ake simukudziwa, ine mlimi ndidziwa bwanji?"

"Kaya ndi ya njinga kaya ndi ya galimoto, akakuuzani ku ofesi ya za pamsewu ku Mzuzu," anatero wamkaziyo. "Koma inu, bambo, mulibe iliyonse."

Anati tidikire bwana wawo wochokera ku boma, ndiye adzagamule. Tinadikira. Tinadikira ife, mwe, tinadikira. Tinakhala pakhonde la golosale, mvula inabwera, mvula inapita. Tambala analira m'dengu ngati kukucha. Magalimoto a ku Karonga amadutsa, a ku boma amadutsa, Ambokile amati, "Musakwere, amama, bwanayo akamva nkhani yathu atilola." Anthu amabwera kudzagwiragwira matayala a Chule. Ine ndimawerenga zala: Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi. Zala zinayi zapindika, mwana ali m'nyumba, ine ndili pakhonde la eni.

Ndinadzuka, ndinapita kwa wapolisi uja, ndinagwada pamiyala.

"Iyayi agogo, dzukani, mundipatsa tsoka."

Ndinamuuza zonse, za Tupokiwe, za mayi ake, za mchombo. Anamvetsera. Kenako anatulutsa foni yake, anandionetsa kamtsikana ka mano awiri.

"Wanga uyu. Ali ku Phalombe ndi mayi ake. Chibadwireni ndamunyamula kawiri. Akamva foni ikulira amati ndi bambo ake." Anaibwezera m'thumba. "Ndikukumvani, agogo. Koma thabwa ili likamasuka pa phula, lole ili pambuyo panu, ndikamuuza chiyani Tupokiwe wanuyo?"

Ndinakwiya. Ndinakwiya kwambiri chifukwa amanena zoona.

Bwana anafika dzuwa litapendeka. Sanachedwe. Chule sayendanso pamsewu mpaka mapepala atakwana. Akafuna kubwerera kuphiri, akwere pa lole ngati thumba la chimanga. Ambokile akaonekere ku boma m'mawa mwake kukayankha za kuyendetsa wopanda laisensi.

Mwana wanga anakhala pa tayala, anagwira ndevu, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndakuchedwetsani ndine, amama. Tikanakwera ya m'mawa ija."

"Tonse timati ndi khasu," ndinatero. "Tsala ukonze mlandu wako. Ine ndipita."

"Nokha? Inu simunapitirirepo pa boma."

"Mwana wa Tupokiwe anabwera yekha kuchokera kutali kuposa apo. Ine ndilephere Nthalire?"

Anang'amba katoni, analemba ndi zilembo zikuluzikulu monga tinkaphunzirira kusukulu ya kwacha: LUFITA, BOMA, CHISENGA, WENYA, NTHALIRE. Anati ndizifananiza ndi zikwangwani. Ndinagona kwa mayi wina wa mpingo wathu pa Kapoka pomwepo. M'mawa ndinadutsa pomwe anaimika Chule, mame ali mbuu pampando. Ndinamusisita ngati ng'ombe.

Lachisanu ndinakwera kagalimoto ka matola. Kondakitala anatchula mtengo, ine ndinati, "Mwana wanga, ndikukwera chabe, sindikugula." Anati tambala alipirenso. Ndinati akhala pamiyendo panga, ndipo mwa onse okwera muno ndi yekhayu sadandaula. Tinapanikizana anayi pampando wa awiri, beseni lili pamutu panga ngati chipewa cha apolisi. Bambo wina anati nditsike pa Lufita, pali lole ikupakira feteleza wa ku Nthalire. Ndinafananiza zilembo, L ndi L, U ndi U, ndinatsika.

Lole inalipodi, koma woyendetsa ndiye kunalibe. "Tinyamuka pompano, agogo," amatero opakira. Pompano wa pa Lufita ndi wautali, abale. Pompano m'mawa, pompano masana, pompano mbuzi zikubwerera kukhola. Pamenepo ndinapeza mnzanga, a NyaMtambo, mayi wonenepa wogulitsa usipa, wa ku Nthalire komweko. Anandigawira chinangwa chophika, anandifunsa komwe ndikupita.

"Kwa a NyaKawonga? Mayi aja amachita zinthu pa nthawi yake. Belu la tchalitchi limafunsa iwo."

Ndinawerenganso zala: zisanu.

Panalinso a Sichone, mkulu wa imvi yemwe kale ankayendetsa malole. Atamva za Chule anatulutsa laisensi yawo yakale, yothethekathetheka, anaipsompsona.

"Ichi, amama, ndi ukwati wa munthu ndi msewu. Mwana wanuyo amangokhala naye msewu popanda malowolo."

"Yanuyo inatha liti, asibweni?" anafunsa a NyaMtambo.

"Ukwati ukatha, ana satha."

Tinagona pakhonde la sitolo, matumba ali mitsamiro. Loweruka m'mawa woyendetsa anatulukira akutokosa m'mano, ndipo tinakwera pamwamba pa feteleza. Pa boma tinaima kuthira dizilo. Titathira dizilo tinaima kupopa tayala. Titapopa tayala woyendetsa anakumbukira kuti mlamu wake akupita nawo, ndipo mlamuyo anali akusamba. Zala zisanu ndi chimodzi, ine, zala zisanu ndi chimodzi.

Kuchoka pa boma mpaka Chisenga nkhani inali ya Chule yokhayokha. A Sichone amati ndi galimoto. Mlamu uja amati ndi njinga yonenepa. Mphunzitsi wina amati ndi mwana wa thirakitala. A NyaMtambo anati, "Chilichonse chomwe chingakuphe chikhale ndi nambala, kuti amasiye adziwe kolozera chala." Onse anaseka. Ine ndimayang'ana kutsogolo, kumene mitambo inali bii. Mvula itayamba anatifunditsa lona, tinakhala mu mdima wonunkha usipa, tambala ali pachifuwa panga. Ndimamuimbira nyimbo yomwe ndinkagonekera Tupokiwe, chapansipansi, kuti ena asamve.

Titapitirira Chisenga, Wenya tisanafike, lole inalira, inapendama, inakhala pansi. Matope mpaka m'mimba mwake. Amuna anakumba, anaika miyala, anaika nthambi, tayala limangozungulira n'kuwapaka matope kumaso. Anthu a mudzi wapafupi anatitsegulira kanyumba kopemphereramo kuti tigonemo.

Lamulungu m'mawa ndinakhala pa mwala m'mbali mwa msewu. Zala zisanu ndi ziwiri. Foni ya a NyaMtambo inali yosagwira, anakwera nayo pachulu, anakwera nayo mumtengo mlamu uja, zii. Ndimayang'ana kampata ka udzu pakati pa lole ndi phompho, kampata kokwana bwinobwino matayala anayi onenepa. Apa Chule akanangolumpha. Lachinayi lomwe lija ndikanakhala nditafika, ndikanakhala ndikutakasa phala la mawere, ndikanakhala ndikumva kafungo ka pamutu pa mwana. Pepala, mwe, pepala! Kanthu kopepuka ngati tsamba la khofi, kandiimika masiku anayi. Ndinalira osabisa. Ndimalira Tupokiwe, ndimalira mayi ake, sindimadziwanso kuti ndikulira uti.

Ndiye ndinamva phuu phuu phuu.

Mawu amenewo ndingawadziwe ngakhale m'tulo. Ndinadzambatuka, chiuno ndinaiwala. "Ambokile! Ambokile wamasulidwa!" Ndinathamanga m'matope, nsapato imodzi inatsalira momwemo.

Sanali Chule wathu. Anali Chule wina, woyera, nambala kutsogolo, nambala kumbuyo, bokosi labuluu litamangidwa pamsana. Woyendetsa anaima, anavula chipewa cholimba, ndipo tinaona mayi wa tsitsi loluka. Anati ndi wa zaumoyo, kwawo ndi ku Dedza koma amagwira ntchito ku Nthalire. M'bokosimo munali katemera, mawa lake kunali sikelo ya ana.

Ndinagwira chogwirira ndi manja onse awiri.

"Mwana wanga, nditenge. Ndine wopepuka, ndadya chinangwa chokha. Ndikhala pabokosi, ndikhala pa tayala, paliponse."

"Agogo, pepani. Mpando ndi umodzi. Mapepala ake ndi a munthu mmodzi ndi katundu. Ndikakutengani n'kugwa nanu, ndalakwira inu, ndalakwiranso ana onse akudikira bokosili."

A Sichone anafika akupukuta matope. "Mayi, muli nayo laisensi ya chinthuchi?"

Anaitulutsa m'thumba la jekete, kakhadi kowala, nkhope yake ili pomwepo. Anati anapita ku Mzuzu, anamuyeza maso, anamufunsa zikwangwani, anamuyendetsa woyesa akuyang'ana, ulendo woyamba analephera, wachiwiri anakhoza. A Sichone anafunsa kuti tsono ndi ya njinga kapena ya galimoto, amuna onse anasendera kuti amve. Anawayankha, koma ine sindinamve. Makutu anga anali ku Nthalire.

"Kodi Tupokiwe, mkazi wa Chawanangwa, mukumudziwa?"

"Wa ku Misuku uja? Amene amati agogo anga, agogo anga, sikelo iliyonse? Ndinu inu?"

Ndinavomera kuti ndine. Ndinati, ngati thupi langa simungalinyamule, nyamulani mawu, mawu salemera. Ndinaganiza zopempha kuti andidikire. Mawuwo anafika pamilomo, koma ndinaona mwana ali m'chipinda chotseka, osaona dzuwa chifukwa cha ine ndi kusadziwa kwanga. Ndinameza.

"Mukawauze a NyaKawonga kuti Nakwese wa ku Misuku sanakane, msewu ndiwo wamukana. Ali pamatope kuseri kwa Wenya, nsapato imodzi. Ngati mchombo wagwa, amutulutse okha mwanayo, manja awo ndi manja anga. Koma akamamusambitsa atchuleko kuti kuchikazi kuli anthu."

Anabwereza mawu anga onse osaphonya. Anavala chipewa, anadutsa pa kampata ka udzu kaja, phuu phuu phuu, mpaka phokoso linazilala kuseri kwa phiri. Ine ndinabwerera kukafukula nsapato.

Thirakitala inabwera Lolemba masana, inatikoka. Wenya tinangodutsa. Pa msika wa Nthalire tinafika kukuda, ndinagona kwa a NyaMtambo. Sindinawerengenso zala, zinali zitandithera ntchito. Lachiwiri m'mawa mnzangayo anasiya usipa wake, anasenza katundu wanga, anandiperekeza wapansi kudutsa minda ya chimanga. Ndimadziuza kuti palibe kanthu, mwana ndimuona basi, ngakhale anatuluka kale. Ndimadziuza, koma mtima sumamva.

Pakhomo tinapeza a NyaKawonga atakhala pa mpando, wamtali yemwe uja, wosaseka yemwe uja. Pabwalo panali posesa bwino. Matewera ali pachingwe, koma chitseko cha nyumba ya Tupokiwe chili chitsekere.

"Monire, asebele," anatero, ndiko kunena kuti mnzanga amene ana athu anakwatirana. "Mwayenda uli?"

"Ndachedwa, asebele. Ndikhululukireni. Mwana munamutulutsa liti?"

Anayang'ana kumbali. "Maso anga akalamba. M'nyumbamo muli mdima. Ine sindikuona bwino ngati mchombo wagwa kapena ayi. Talowani mukaone ndinu."

Ndinakankha chitseko.

"Agogo!"

Mawu omwe aja, mawu omwe aja ankandiitana pobwera kusukulu! Sindinganene kuti anagwira mnzake ndani. Chipsera cha pachibwano chinalipo. Tinalira, tinaseka, tinaliranso. Kenako anandiika mwana m'manja, wofunda ngati mbatata yochokera paphulusa. Ndinafunyulula kansalu. Pamchombo panali pouma, poyera, popola kale. Pawindo panali kanthu kokulungidwa m'kansanza.

Tupokiwe anandinong'oneza. "Unagwa Loweruka. Lamulungu amayi a m'mudzi anabwera potuluka kutchalitchi, madzi ali pamoto. Ine ndimangolira. Ndiye anafika adokotala aja ndi uthenga wanu. Apongozi anamvetsera, kenako anaphula madzi. Anauza anthu kuti, ndinaona molakwa, sunagwe, bwererani."

"Anthu anakhulupirira?"

"Mudzi wonse ukudziwa, agogo. M'mawa uliwonse amabwera kudzafunsa kuti, kodi wagwa? Apongozi amati, yayi, ukadali wolimba."

Ndinapukuta maso ndi duku. Ndinaima pakhomo, ndinakweza mawu anga onse a kuphiri.

"Asebele! Wagwa! Wagwa lero lino!"

"Yewo," anatero a NyaKawonga, ndipo mano awo ndinawaona koyamba. "Ndimaona ngati ugwa lero."

Nthungululu, mwe, nthungululu! Madzi anabwerera pamoto, beseni langa linatsukidwa, tambala wofiira ulendo wake unathera pomwepo. Ndinamusambitsa ine, a NyaKawonga akuthira madzi. Ndinatchula mayi ake a Tupokiwe, ndinatchula amayi anga, ndinatchula mapiri athu, kuti mwana adziwe kuti kuchikazi kuli anthu. Ndipo ndinatuluka naye, dzuwa linamuona, iye anatsinzina n'kuyetsemula.

Ambokile sanalipo. Madzulo ake foni itagwira anatiuza kuti Chule wakwera lole kubwerera kuphiri, ndipo iye akufunsa njira ya ku Mzuzu, akayezetse maso ndi kuphunzira zikwangwani pa ukulu wake. Anamvera nyimbo zathu pafoni mpaka moto unamuthera.

Koma amene anabwera ndiwatchula, pakuti ndinawafunsa mmodzimmodzi kuti ndisaiwale. Anabwera a NyaKawonga, eni khomo, a maso okalamba. Anabwera amuna awo a Chilongo, atavala jekete la ukwati. Anabwera Chawanangwa, kumwetulira mpaka m'makutu, ndi alongo ake awiri, Tiwonge ndi Wezi. Anabwera a NyaMtambo, fungo la usipa lili m'manja, anavina mpaka chitenje chinamasuka. Anabwera a Sichone, omwe tinkayesa atsala pamsika, matope a ku Wenya akadali m'makutu. Anabwera a NyaMunthali ndi a NyaChirwa, amene anabwezedwa Lamulungu osadandaula. Anabwera a NyaKaira ndi ng'oma, a NyaMsiska ndi thobwa, a NyaGondwe ndi ndodo yawo yoyendera. Anabwera mayi wa ku Dedza uja ataweruka kuntchito, chipewa cholimba chili m'khwapa, ndipo ndi pamene ndinamva kuti dzina lake ndi Esinati. Anatuluka Tupokiwe, mwana wanga, mwana wa mwana wanga, anaima pambali panga phewa ndi phewa. Ndinalipo ine Nakwese wa ku Misuku, nsapato zonse ziwiri. Ndipo pakati pathu, m'manja mwanga, panali iye amene agogo ake aamuna anamutcha tsiku lomwelo dzina la anthu odikira: Lindizgani.